Makina Osamva Cinyanja

Anzathu ena atama makina olemba mau oturuka m'kamwa mwa munthu, nati makalata ndi maprogramu a kompyuta atha msanga, popeza lilime lithamanga koposa zala. Ici sitikana. Koma tifunse: kodi liwiro limeneli lipindulira yani? Makina ochedwa Whisper, amene anaoneka m'caka ca 2022, anaphunzitsidwa Ciswahili ndi Cishona, koma Cinyanja cinasiyidwa panja. Tsono mlembi wofuna kutsiriza nchito mwacangu adzalankhula Cingelezi kufikira madzulo, cinenero ca amace nicitsala ca pamoto cabe. Abale, tisonkhanitse mau athu, tiwaphunzitse makinawa. Tikacita ulesi, ndiwo adzatiphunzitsa kuiwala malankhulidwe a makolo athu.