Cala ca mwana wanjala si cilolezo

Mwezi watha pafupi na Soweto Market ninaona anthu awili ovala bwino atazungulidwa na anyamata ogona mu mseu. Anali na mapepala, foni yojambulila mawu na pulasitiki ya mabanzi. Mnyamata mmodzi, kabotolo ka sitika kali mu juzi, anadinda cala pa pepala imene sanawelenge. Anayankha mafunso, analandila mabanzi awili, alendo n'kukwela motoka. Mu lipoti adzalemba kuti mwana anavomela. Ine nikuti inavomela ni njala.

Sinikukana kafukufuku. Popanda kufunsa, sitingadziwe cimene cinacotsa ana awa panyumba, matenda amene adwala, na thandizo imene afuna. Kuwasiya cifukwa alibe kholo losaina ni kuwataya kaciwili. Koma kufunsa kuli na malamulo ake.

Malamulo tili nawo. National Health Research Act ya 2013 ifuna kuti kafukufuku wa zaumoyo uyambe wavomelezedwa na komiti yoteteza ofunsidwa, monga UNZABREC ya ku University of Zambia. Tili na Data Protection Act ya 2021 na Children's Code Act ya 2022. Vuto ni yakuti cidindo cimatsala mu ofesi, sicifika pansi pa buliji.

Wofufuza wacilungamo afotokoze zonse m'cinenelo cimene mwana amva, pa nthawi imene mutu wake uli bwino, osati atakoka sitika. Pakhale munthu wamkulu amene mwanayo akhulupilila, amene sadya ndalama za kafukufuku. Cakudya apatse onse, oyankha na okana omwe. Ngati banzi ni ya oyankha cabe, ndani angakane?

Dzina, nkhope na malo ogona zisatuluke. Kwa wofufuza ni mzele umodzi mu lipoti. Kwa mwana, ni apolisi kubwela usiku, kapena wacibale amene anamuthawa kumupeza. Ndipo mtsikana asanaulule kuti anagwililidwa, muuzeni pasadakhale kuti nkhani yotele simungaisunge mwekha. Akaulula, musatseke cabe foni na kukamba zikomo. Mupelekezeni ku kiliniki, imbani Childline pa 116. Ngati mulibe kwa kumupeleka, funso imeneyo musafunse. Pomaliza, bwelelani mukawauze zimene munapeza, cifukwa nkhani ni yawo.

Ena adzati zonsezi zicedwetsa nchito ndipo ndalama ni zocepa. Zoona. Koma mwana wa ku Kabulonga simungamufunse za kugonana pa geti popanda makolo ake. Wa mu mseu asiyana ciani? Asiyana cabe kuti alibe womulankhulila.

Na ife a pa wailesi sitili oyela. Ine ninajambulapo mnyamata wina n'kuulutsa mawu ake, osaganiza kuti anzake adzamuzindikila. Pulogilamu inayenda bwino, koma sininabwelele kukaona zimene zinamucitikila. Cimanivutitsa mpaka lelo.

Manje kwa imwe anzanga amene mumapeza ganyu yofunsa mafunso. Ndimwe mumaimilila pamaso pa mwana, osati abwana. Funsani kalata ya komiti musanayambe. Mwana akakana, lembani kuti wakana, musamunyengelele kuti mukwanitse nambala ya tsiku. Ganyu idzatha, koma mwana uja mudzakumana naye pa malobhoti a mu Cairo Road, ndipo adzakukumbukilani.