Phiri Siligonjetsedwa

Pali mau amene timawamva pa wailesi ndi kuwawerenga m'nyuzi nthawi zonse munthu akafika pa nsonga ya limodzi mwa mapiri aatali a Alps ku Ulaya. Amati: "Wakutiwakuti waligonjetsa phiri." Ife mau amenewa tikuwakana kwamtuwagalu, pakuti alowetsa anthu ambiri m'manda. Munthu amene wanyamuka kwao ndi mtima wokagonjetsa phiri amayesa kubwerera panjira ndi manyazi, malangizo a eni dera amawayesa mantha, ndipo mnzake wofooka amamuona ngati katundu womchedwetsa.

Tisanapite patali, tinene poyera kuti sitikudzudzula kukwera mapiri ayi. Papa Pius XI, akadali wansembe wotchedwa Achille Ratti, adakwera Monte Rosa, phiri la mamita 4,634, m'chaka cha 1889, ndipo adadzera mbali ya kuvuma imene ndi yovuta koposa. Pier Giorgio Frassati, mnyamata wa ku Turin amene adamwalira m'chaka cha 1925 ali ndi zaka 24, ankakonda mapiri monga ankakondera amphawi a mumzinda wake, ndipo Papa Leo XIV adamlemba m'gulu la oyera pa 7 Seputembala 2025. Munthu akaima pamwamba m'bandakucha, naona dzuwa likufiiritsa nsonga zokutidwa ndi chipale, mitambo ili kunsi kwa mapazi ake, sasowanso mlaliki womuuza za ukulu wa Mlengi. Chimene tikulimbana nacho ndi mtima wonyada umene ena amakwera nao.

Tiyeni tione zimene zidachitika pa phiri limodzi m'masiku anai okha. Matterhorn, phiri la mamita 4,478 pa malire a Switzerland ndi Italy, lidali lisanapondedwe pa nsonga mpaka m'chaka cha 1865. Magulu awiri ankalimbirana ulemu wofikapo poyamba. Mngelezi Edward Whymper, atamva kuti a ku Italy anyamuka kale, adasonkhanitsa anthu mwaphuma ku Zermatt, ndipo m'gulu lake la anthu 7 mudalowa Douglas Hadow, mnyamata wa zaka 19 amene adali asanazolowere matanthwe otere. Pa 14 Julaye adafikadi pa nsonga, nakondwera poona opikisana nao ali m'munsi. Koma potsika Hadow adaterereka, nagwetsa namulondola Michel Croz, ndipo awiriwa adakoka Charles Hudson ndi Lord Francis Douglas. Chingwe chidaduka. Anthu anai adagwera kuphompho, atatu okha ndiwo adabwerera. Thupi la Douglas silidapezeke mpaka lero. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika.

Patapita masiku atatu, pa 17 Julaye, gulu la anthu anai lotsogozedwa ndi Jean-Antoine Carrel lidayandikira nsonga yomweyo kuchokera ku Italy. Mmodzi mwa iwo adali wansembe wa m'chigwa cha Aosta, bambo Amé Gorret. Atatsala pang'ono kufika, adapeza chigwembe chimene munthu sakadatha kuolokapo popanda wina womtsitsa pa chingwe. Padafunika kuti wina wamphamvu atsale. Bambo Gorret adatsala pamodzi ndi mnzao wina, natsitsa Carrel ndi Jean-Baptiste Bich, nadikira pathanthwe kufikira awiriwo atabwerako. Nsonga imene adaivutikira sadaiponde tsiku limenelo, koma onse anai adatsika amoyo. Tsono tikufunsa: mwa magulu awiriwa, ndi liti lidapambana?

Carrel yemweyo adatiphunzitsanso kachiwiri. Mu Ogasiti 1890, ali ndi zaka 61, mkuntho wa chipale udamtsekereza pa Matterhorn pamodzi ndi mlendo amene ankamperekeza. Adatsogolera gulu lake potsika m'mphepo yozizira kwa maola ambiri, ndipo atadutsa malo onse oopsa, anzakewo ali pabwino, iye adagwa pansi chifukwa cha kutopa, natsirizika. Pamalopo adaimikapo mtanda umene ulipo mpaka lero. Munthu amene adalidziwa phirilo kuposa wina aliyense adataya moyo wake posunga moyo wa mlendo.

Nanga masiku ano zinthu zili bwanji? Mont Blanc, phiri lalitali koposa mu Alps, la mamita pafupifupi 4,806, lidakweredwa koyamba pa 8 Ogasiti 1786 ndi Jacques Balmat ndi dokotala Michel-Gabriel Paccard. Tsopano chilimwe chilichonse anthu zikwizikwi amakhamukirako, ndipo ambiri amadzera njira ya Goûter. Panjirayo pali chigwembe chimene miyala imagubudukamo kosalekeza, ndipo pakati pa 1990 ndi 2017 anthu oposa 100 adafera m'chigawo chimenechi. Ngoziyo ikukulirakulira chifukwa madzi oundana amene ankamanga miyala ngati simenti akusungunuka ndi kutentha kwa dziko. M'chilimwe cha 2022 kudatentha kwambiri, mwakuti anamulondola a ku Chamonix ndi Saint-Gervais, anthu amene chakudya cha ana ao chimachokera m'phirimo, adayamba aleka kuperekeza alendo panjirayo. Koma alendo ena adapitabe okha, ena atavala akabudula ndi nsapato zamasewero. Meya wa Saint-Gervais, Jean-Marc Peillex, atatopa nazo, adanena kuti wofuna kukwera aziyamba wasiya chikole cha ndalama zokwana 15,000 euro: 10,000 zomupulumutsira ndi 5,000 za maliro ake. Mau owawa ndithu, koma kodi adanama?

Tikudziwa yankho limene anthu otere amapereka. Amati: "Moyo ndi wanga, ndikafa ndafa ndekha." Limeneli ndi bodza lamkunkhuniza. Poyamba, moyo si wathu, tidachita kubwerekedwa, ndipo lamulo lachisanu limene limatiletsa kupha mnzathu limatiletsanso kuseweretsa moyo wa ife eni. Chachiwiri, paphiri palibe amene amafa yekha. Munthu akangoimba lamya kuti wasowa potsikira, apolisi opulumutsa anthu a ku Chamonix amanyamuka pa helikopita, nalendewera pa chingwe pakati pa mphepo ndi miyala yogwa. Iwonso ali ndi akazi, amuna ndi ana amene amadikira kunyumba mtima uli m'mwamba. Ndani adampatsa mlendo uja ufulu wotchova juga ndi miyoyo yao, chifukwa cha chithunzi chimodzi choti anzake akamtamande pa intaneti? Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame.

Tikumbukire kuti Satana adatengera Ambuye Yesu pamwamba pa Nyumba ya Mulungu, nawanyengerera kuti adziponye pansi podalira kuti angelo awawakha. Ambuye adakana, pakuti kutero ndi kumuyesa Mulungu. Munthu wokwera phiri osakonzekera, wonyozera machenjezo poganiza kuti helikopita ibwera, akuchita chimene Ambuye adakana. Ena amachitcha kulimba mtima. Eklezia kuyambira kale amachitcha kudzikuza, ndipo amaphunzitsa kuti kulimba mtima kopanda nzeru zoona patali sikukhala khalidwe labwino.

Wina anganene kuti izi ndi za azungu, ife sizikutikhudza. Koma nafenso tili ndi Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 pa phiri la Mulanje, imene dzina lake lokha ndi chenjezo la makolo. M'chaka cha 2009 mlendo wina wa ku Brazil adasiyana ndi mperekezi wake kuti akafike pamwamba yekha. Nyengo idasintha, ndipo anthu adavutika milungu yoposa iwiri akumfunafuna asanapeze thupi lake. Achinyamata athu ambiri, ena a m'magulu a m'maparishi mwathu, ayamba kukonda maulendo a kumapiri, ndipo ife tikukondwera nazo. Koma amve izi: mperekezi akati tibwerere, bwererani. Mtambo ukatsika, musapikisane nao. Mnzanu akatopa, ulendo wa gulu lonse uyende pa liwiro la iyeyo. Ndipo amene wakusenzerani katundu mlipireni moyenera, mudye naye pamodzi.

Pa mpata wa Great St Bernard, mamita 2,469 pamwamba pa nyanja, pali nyumba ya alendo imene Bernard Woyera adakhazikitsa cha m'ma 1050. Kwa zaka pafupifupi 1,000 ansembe ndi abale a chipani chake akhala kumeneko m'chisanu choopsa, kupemphera, kuphikira apaulendo ndi kufukula okwiririka m'chipale, osafunsa mtundu kapena chipembedzo cha munthu. M'chaka cha 1923 Papa Pius XI adasankha Bernard ameneyu kuti akhale nkhoswe ya okwera mapiri. Taonani, abale: Papa amene adaponda nsonga zambiri adapereka okwera mapiri m'manja mwa munthu amene sakumbukiridwa ndi nsonga ina iliyonse, koma ndi khomo lotsekulira otopa.

Tsono inu amene mukukonzekera ulendo wa kumapiri, pitani ndi madalitso athu, mukaone zokongola zimene Chauta adalenga. Koma pobwera sitidzakufunsani ngati mudafika pa nsonga. Tidzakufunsani ngati onse amene mudanyamuka nao abwerera kwao.