Mwana akalephera mayeso, samalani mawu anu oyamba

Chaka chilichonse bungwe la MANEB likatulutsa zotsatira za mayeso a PSLCE, JCE ndi MSCE, pa WhatsApp ndi Facebook pamadzaza zithunzi za ana amene akhoza bwino. Koma m'nyumba zina mumangoti zii. M'zaka zaposachedwapa, ophunzira oposa 4 mwa 10 alionse olemba MSCE akhala akulephera, ndipo ambiri okhoza mayeso a Sitandade 8 sasankhidwa kupita ku sekondale chifukwa malo ndi ochepa. Ngati mwana wanu ali m'gulu limeneli, zomwe mungalankhule ndi kuchita m'masiku oyamba zingamulimbitse kapena kumufooketseratu.

N'chifukwa chiyani zimamupweteka chonchi?

Mwana amadziwa kuti munagulitsa mbuzi kapena chimanga kuti mulipire fizi. Choncho akalephera amakhala atadziweruza kale musanatsegule pakamwa. Mukawonjezera mawu ngati "wandiwonongera ndalama" kapena "taona anzako akhoza", iye amamva kuti pakhomo pano alibenso ntchito.

Dziwaninso kuti mbali ya ubongo yothandiza munthu kuugwira mtima ndi kuona zam'tsogolo imakhwima mochedwa, munthu atapitirira zaka 20. N'chifukwa chake wachinyamata amaona vuto la lero ngati silidzatha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mmodzi mwa ana 7 alionse a zaka 10 mpaka 19 ali ndi vuto la m'maganizo, monga nkhawa kapena kukhumudwa kopitirira muyezo. Mwana amene anali ndi vutoli kale, zotsatira zoipa zimamulemera kwambiri.

Zizindikiro zoti muzione

Kulira ndi kukhumudwa kwa masiku angapo n'kwachibadwa. Koma chitanipo kanthu ngati patha masabata awiri mwana akudzipatula, sakudya, sakugona kapena akungogona tsiku lonse, akupsa mtima msanga, kapena wayamba mowa ndi chamba. Ana ena sanena kuti akuvutika, amangodandaula mutu kapena m'mimba. Anyamata ambiri amabisa chifukwa anakula akuuzidwa kuti mwamuna salira.

Akanena kuti "bola ndingofa" kapena "ndine mtolo kwa inu", kapena akayamba kugawa zinthu zake, musadikire masabata awiriwo. Si nthabwala kapena kufuna kukuopsezani.

Mungachite chiyani?

Yambani ndi kumuuza kuti akadali mwana wanu ndipo mumamukonda. Nkhani ya fizi idikire. Mufunseni mmene akumvera, kenako mvetserani osamudula mawu. Ana ambiri amamasuka mukamagwira nawo ntchito, monga pophika kapena popita kumunda, kusiyana ndi kuwakhazika pansi ngati pabwalo la milandu. Ngati samasuka nanu, pemphani azakhali, amalume kapena mphunzitsi amene amamukhulupirira.

Mukakayikira, mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo, koma kumamupatsa mpata wolankhula. Akavomera, musamusiye yekha. Tsekerani mankhwala a makoswe, a mbewu ndi mapiritsi pamalo amene sangafike, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Mtima ukakhala pansi, kambiranani njira zina: kubwereza kalasi, kulembanso mayeso chaka chamawa, kapena maphunziro a ntchito zamanja kudzera ku TEVETA. Mulole nayenso asankhepo.

Thandizo lilipo

Yambirani kuchipatala chapafupi kapena cha boma lanu ndipo funsani woona za matenda a m'maganizo. Chithandizo chapadera chimapezeka ku Zomba Mental Hospital komanso ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Inu kapena mwanayo mutha kuimbanso nambala yaulere ya 116, yothandiza ana. Simuyenera kudikira kuti zinthu zifike poipa kuti muimbe.