Bizinesi ya ulimi siiphunziridwa mu hotela

Anzanga alimi, mawu akuti "ulimi ndi bizinesi" tawamva mpaka makutu kuwawa. Koma bizinesiyo tikuiphunzira motani? Mabungwe ena amatenga wapampando ndi mlembi wa kalabu, kuwagoneka mu hotela masiku atatu, kuwalembera pa bolodi, kuwapatsa satifiketi ndi alawansi, basi ati maphunziro atha. Akabwerera kumudzi satifiketi ija imakalowa m'sutikesi, pamene nandolo wathu akupitabe kwa venda pa sikelo yomwe palibe anaiyesa. Uku n'kuwononga ndalama komanso kunyoza mlimi.

Taonani m'mene mabwana a makampani amaphunzirira. Ku sukulu zikuluzikulu za bizinesi, monga ya Harvard ku America, wophunzira amapatsidwa vuto lenileni la kampani kuti alimbane nalo, ndipo ena amatumizidwa kukagwira ntchito ndi kampani yeniyeni. Ngati bwana wa digiri amafunika kugwira ndi manja kuti amvetse, n'chifukwa chiyani mlimi wa kuno ku Thuchila akungopatsidwa nkhambakamwa?

Njira yophunzira pochitayi si yachilendo kwa ife. Sukulu za alimi za m'munda, zomwe bungwe la FAO linayambitsa ku Indonesia mu 1989, zinafika kuno ku Malawi ndipo ambiri tinadutsamo. Timakumana pamunda kuyambira kubzala mpaka kukolola, n'kumaona ndi maso athu chimene chikugwira ntchito. Chomwe chikusowa n'kupitiriza sukuluyo mpaka kumsika.

Kumbukirani chaka cha 2017. Dziko la India, lomwe limagula nandolo wambiri wa kuno, linaika malire pa nandolo wolowa m'dzikomo, ndipo mtengo unagwa pansi. Alimi a ku Mulanje analira ndi matumba m'nyumba. Ndi angati mwa ife amene ankadziwa ndalama zomwe analowetsa pa kilogalamu iliyonse, kapena wogula wina woti n'kuthawirako? Mu 2021 boma la Malawi linasainirana ndi India mgwirizano wa matani 50,000 a nandolo pachaka. Koma mgwirizano wa maboma supindulira mlimi wosadziwa kusonkhanitsa zokolola ndi kunenerera mtengo.

Choncho tikupempha Unduna wa Zamalimidwe ndi mabungwe onse ogwira ntchito m'dera la zaulimi la Thuchila zinthu zitatu.

Choyamba, maphunziro a bizinesi azitenga nyengo yonse yaulimi, ndipo kalabu iliyonse ikhale ndi ntchito yakeyake yophunzirirapo: nandolo, tomato kapena mkaka.

Chachiwiri, mamembala okha ndiwo azilemba m'kaundula mtengo wa mbewu, ganyu, matumba ndi mayendedwe, azikaona okha ogula ku Limbe, ndipo pomaliza aziwerengera phindu kapena kuluza pamaso pa gulu lonse.

Chachitatu, ndalama za hotela zipite ku sikelo za makalabu, mayendedwe a alangizi ndi kusamalira Thuchila Farm Institute, malo amene anamangidwira maphunziro a alimi.

Ena anena kuti njirayi ndi yochedwa komanso yodula. Yodula ndi iti: miyezi yophunzira pamunda, kapena zaka zogulitsa mosadziwa ngati tapindula? Chakudza sichiimba ng'oma, mitengo idzagwanso. Bungwe likabwera ndi maphunziro, mulifunse poyera pamsonkhano kuti: kodi tiphunzirira pa mbewu iti, ndipo tikagulitsa kwa yani? Likasowa yankho, musasaine.