Mitengo ya pa Mwambo Siigwira Phiri

Munthu ukaima pa msika wa Ndirande nkukweza maso, chimene umaona ndi phiri lometedwa mpala. Akuluakulu amene anakulira m'derali amakumbuka nthawi imene phirili linali bii ndi mitengo, moti mwana wotumidwa kukatola nkhuni ankaopa kulowamo yekha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene ndale za dziko lino zinali kusintha, nkhalangoyo inatha ngati moto wa mapesi. Papita zaka zoposa 30 tsopano. Dzinja lililonse timamva kuti mzinda wa Blantyre ukubzala mitengo, koma phiri lija likadali lambee. Kodi mitengo yonseyo imalowera kuti?

Mwambo wake tonse timaudziwa. Nyengo yobzala mitengo imatsegulidwa mu Disembala ndi kutsekedwa mu Epulo. Ana a sukulu amaimba, akuluakulu a Khonsolo ya Mzinda amafika ndi nsapato zonyezimira, mlendo wolemekezeka amagwira khasu kamodzi, atolankhani nkujambula, basi onse nkubalalika. Pofika Okutobala, mbuzi, moto wolusa ndi makasu a anthu ososa minda zimakhala zitamaliza ntchito yake. Chiwerengero cha mbande zobzalidwa chimalengezedwa mokweza. Cha zimene zapulumuka chilimwe, pa mwambo wotsatira simudzachimva.

Wina anganene kuti nkhani ya mitengo ndi yaing'ono mu mzinda wodzala ndi ulova ndi njala. Ameneyo akafunse anthu a ku Chilobwe ndi ku Manja. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, matope ndi miyala ikuluikulu zinatsika m'phiri la Soche ndi kukwirira mabanja m'nyumba zawo. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anataya miyoyo. Sindikunena kuti mitengo ikadaletsa namondwe; mvula yotere ikhoza kugumula ngakhale phiri la nkhalango, ndipo akatswiri atichenjeza kuti pamene dziko likutentha anamondwe azibwera ndi mvula yochuluka. Komabe mizu imamanga dothi, ndipo nthaka ya m'nkhalango imamwa madzi pang'onopang'ono. Chachikulu ndi ichi: pamene pali nkhalango yotetezedwa sipakhala nyumba. Malo amene panayenera kukhala mitengo, panali mabedi a ana.

Maliro atangotha, chala chinaloza amphawi. Akuti ndi osamva, amamanga m'mapiri, amaotcha makala. Zoona, amatero. Koma tifunsane chilungamo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 800,000 mu mzinda uno, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'malo osakonzedwa bwino monga mbali zina za Ndirande, Bangwe ndi Machinjiri. Kodi mayi wogulitsa tomato ku Zingwangwa angaupeze kuti puloti wovomerezeka wa mtengo woti angathe? Amakwera phiri chifukwa kumeneko nkumene kwatsala malo. Nyumba simera usiku ngati bowa. Maziko amakumbidwa dzuwa likuswa mtengo, njerwa nkuumbidwa, uvuni nkufuka utsi sabata yathunthu, zonsezi m'maso mwa mzinda wonse. Nanga oyang'anira mapulani a mzinda amakhala akuyang'ana kuti? Ndiponso si onse omanga m'mapiri amene ali amphawi. Nyumba zina za kumeneko ndi za mipanda ya njerwa ndi zipata zachitsulo, ndipo eni ake sadzudzulidwa ndi liwu lomwelo.

Khonsolo ili ndi poyankhira, ndipo sindikufuna kuinamizira. Nkhalango za m'mapiri zili m'manja mwa Nthambi ya Zankhalango. Malo a mu mzinda ena ndi a Unduna wa Zamalo, ena ndi a Malawi Housing Corporation. Ndalama za misonkho nazo ndi zoperewera. Zonsezi ndi zoona, koma ana a Chilobwe sanafe chifukwa chosowa ofesi yowayang'anira. Anafa pakati pa maofesi ambiri, iliyonse ikuyembekeza inzake. Madzi otsika m'phiri la Ndirande kulowa mu Nasolo ndi mu Mudi safunsa mwini wa malo. Ngalande zotsekeka ndi mapepala apulasitiki, amene boma linaletsa kale mu 2015, ndi za mzinda. Milatho yokokoloka ndi ya mzinda. Choncho udindo wosonkhanitsa maofesi onsewo ndi kuwaumiriza kugwira ntchito uyenera kukhala wa Khonsolo, imene makhansala ake tinawasankha tokha ndipo amadziwa njira iliyonse ya m'madera athu.

Zofunika kuchita si zachilendo. Ndalama za mwambo zipite kwa achinyamata a m'munsi mwa phiri, azilipidwa osati pa dzenje limene akumba, koma pa mtengo umene wafika zaka zitatu uli moyo. Ameneyo adzalambula mphepete moto usanafike, ndipo mbuzi adzaithamangitsa. Malire a phiri aikidwe poonekera, ndipo woyamba kuchotsedwa akhale wa chipata chachitsulo. Wosauka asamutsidwe pokhapokha atasonyezedwa puloti wa madzi ndi msewu, pafupi ndi pamene amapezera chakudya, chifukwa kumutaya kutali nkumuuza kuti abwerere mawa.

Phiri la Michiru, kuseri kwa Chilomoni, ndilo linasunga nkhalango yachilengedwe nthawi yaitali kuposa anzake. M'zaka zaposachedwapa nalonso nkhwangwa zalowamo, ndipo matumba a makala akhala akutsika m'mamawa pa mitu ndi pa njinga. M'munsi mwake muli nyumba zikwizikwi. Makhansala athu akwere akaone okha zitsa zimene zili kumeneko mvula ina isanagwe, ndipo mwambo wa Disembala ukadzafika adzatiuze kuti mwa mbande za chaka chatha zatsala zingati.