Wodwala TB yosamva mankhwala sachira yekha

Ku Chinguluwe m'boma la Salima, monganso m'madera ambiri a m'mbali mwa nyanja, munthu akayamba kutsokomola kosalekeza, kuonda komanso kutuluka thukuta usiku, pakhomo pamayamba kaye milandu. Ena amati ndi tsempho, ena amati mdulo, enanso amaloza chala mnansi yemwe wodwalayo anakangana naye pa malire a munda wa thonje. Likamafika tsiku lokapereka makhololo kuchipatala, miyezi imakhala yatha ndipo nkhuku za m'khola zathera kwa asing'anga.

Ndiye achipatala akanena kuti chifuwacho ndi TB, komanso TB yake ndi yosamva mankhwala, mabanja ambiri amangoti basi, awa ndi maliro. Maganizo amenewa ndi olakwika ndipo akupha anthu omwe akanachira. TB yosamva mankhwala imachizika, ndipo mankhwala ake m'zipatala za boma ndi aulere. Chovuta ndi ulendo wochokera pa tsiku loyamba kumwa mankhwala kukafika tsiku lomaliza. Ulendo umenewu wodwala sangauyende yekha.

TB wamba imachira ndi mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi. Awiri mwa mankhwalawo, rifampicin ndi isoniazid, ndiwo mizati ya chithandizo chonse. Tizirombo tikafika posawamva awiriwa, achipatala amati ndi MDR-TB. Izi zimachitika munthu akamamwa mankhwala modumphitsa kapena akasiyira panjira poona kuti wapezako bwino. Tizirombo tofooka timafa, tolimba timatsala n'kuswana. Koma pasakhale wofulumira kuweruza wodwala kuti anachita chibwana. Ambiri amaitenga TB imeneyi ili kale yosamva mankhwala, kuchokera kwa wina yemwe anatsokomola pafupi nawo m'minibasi, m'ndende, m'nyumba yosalowa mphepo kapena kuntchito ku Joni, iwo asanamwepo ndi piritsi limodzi lomwe la TB.

Kafukufuku yemwe anachitika m'dziko muno m'zaka za 2010 ndi 2011 anapeza kuti mwa odwala TB atsopano 1,000 alionse, anayi anali ndi TB yosamva mankhwala, pamene mwa odwala 100 obwereza mankhwala anali pafupifupi asanu. Chiwerengerochi ndi chochepa poyerekeza ndi cha ku South Africa, koma kwa banja lomwe yawagwera, kuchepako sikutonthoza. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati m'chaka cha 2023 anthu pafupifupi 400,000 anadwala TB yamtunduwu, ndipo awiri okha mwa asanu alionse ndiwo anafika polandira chithandizo.

Mantha a anthu ali ndi pochokera. M'zaka za 2005 ndi 2006, pachipatala cha Tugela Ferry ku KwaZulu-Natal anapeza anthu 53 omwe TB yawo sinkamva ngakhale mankhwala apadera. Mwa iwo 52 anamwalira, theka la iwo pasanathe masabata atatu chiperekere makhololo. Nthawi imeneyo wodwala MDR-TB ankamwa mapiritsi odzaza dzanja kwa zaka pafupifupi ziwiri, kuphatikizapo jekeseni wowawa wa tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri. Jekeseniyo ankagonthetsa makutu. Phumeza Tisile wa ku Khayelitsha mumzinda wa Cape Town anapezeka ndi TB mu 2010 ali mtsikana wapasukulu, anagontha chifukwa cha jekeseniyo, koma anachira mu 2013 mothandizidwa ndi madokotala a bungwe la Médecins Sans Frontières. Mayiyu sanakhale chete. Iye ndi mnzake wa ku India, Nandita Venkatesan, yemwenso anagontha ndi mankhwala a TB, anatsutsa pempho la kampani ya Johnson & Johnson lofuna kupitiriza kukhala mwini yekha wa mankhwala a bedaquiline, ndipo mu 2023 akuluakulu a ku India anakana pempholo. Izi zinathandiza kuti makampani ena apange mankhwalawa motsika mtengo.

Kuchokera nthawi ya Tugela Ferry zinthu zasintha kwambiri. Mu 2010 bungwe la WHO linavomereza makina a GeneXpert, omwe m'maola awiri okha amaonetsa ngati makhololo ali ndi TB komanso ngati TB-yo ikumva rifampicin. Kale yankho lotere linkatenga masabata ambiri. Makinawa alipo m'zipatala za m'maboma, ndipo makhololo ofunika kuunikidwa mozama amapita kulabotale yaikulu ya TB ku Lilongwe. Bedaquiline anavomerezedwa mu 2012, mankhwala atsopano oyamba a TB patapita zaka 40. Kuyambira 2018 WHO inayamba kulangiza mayiko kuti asiye majekeseni ogonthetsa aja, ndipo mu 2022 inavomereza mankhwala akumwa okhaokha a miyezi isanu ndi umodzi otchedwa BPaLM. Si wodwala aliyense angayenere njira yaifupiyi. Ena amafunikabe miyezi isanu ndi inayi, ena 18, malinga ndi mmene dokotala waonera.

Apa ndi pomwe sayansi imalekezera, ntchito n'kutsalira pakhomo.

Mankhwalawa ndi amphamvu ndipo amabwera ndi zakezake. Ena amachititsa nseru ndi kusanza. Linezolid amatha kuchepetsa magazi, kuchititsa dzanzi ndi kutentha kumapazi, nthawi zina maso kuchita chidima. Clofazimine amadetsa khungu, moti anthu pamsika amayamba kunong'onezana. Cycloserine amatha kusokoneza maganizo, munthu wofatsa n'kuyamba kulusa, kulira kapena kulankhula zosamveka. Banja lomwe silinauzidwe izi limathamangira kunena kuti wodwala walodzedwa, n'kumusiyitsa mankhwala kupita naye kwa sing'anga kapena kumapemphero ogonera konko. Kupemphera palibe woletsa, koma botolo la mankhwala lipite nawo. Zizindikiro zoterezi zikaoneka, malo ake ndi kuchipatala msangamsanga, chifukwa dokotala amatha kuchepetsa mlingo kapena kusintha mtundu wa mankhwala. Chosayenera ndi kusiya mwa okha.

Njala ndi mdani wina wamkulu. Mapiritsi awa m'mimba mopanda kanthu amakhala ngati moto, makamaka m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitauma. Mlimi wa thonje ku Chinguluwe akadwala nthawi yobzala, ndiye kuti palibe wopalira, palibe wopopera mankhwala, ndipo nthawi yotola thonje ikafika palibe chopita nacho kumsika. Msodzi wa ku Senga Bay akagona, bwato limapita ndi ena. Matenda a munthu mmodzi amasandutsa banja lonse opemphapempha. Kafukufuku wa m'chigawo cha Jharkhand ku India, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2023, anaonetsa kuti m'mabanja a odwala TB omwe ankalandira chakudya mwezi ndi mwezi, odwala atsopano anachepa ndi pafupifupi 40 pa 100 alionse, ndipo odwala omwe ananenepako m'miyezi iwiri yoyambirira sankafa kawirikawiri. Chakudya chake sichinali cha kuhotela ayi. Kuno kwathu ndiye phala la mgaiwa lothira nsinjiro, usipa, nyemba, dzira, masamba ndi mango a nyengo yake. Zimenezi mpingo, gulu la banki mkhonde kapena limana la amayi lingathe kusonkha popanda kudikira galimoto ya bungwe.

Pali nkhani ya thiransipoti. Mankhwala ndi aulere koma kabaza si waulere. Wodwala amayenera kupita kuchipatala mwezi ndi mwezi kukapereka makhololo, kukayezetsa magazi ndi mtima, ndipo kawirikawiri sangapite yekha. Maulendo a anthu awiri kupita ku boma ndi kubwerera, kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira, amadya mbuzi. Nkofunika kuti khonsolo ya Salima ndi makomiti a chitukuko m'midzi aziona banja lomwe lili ndi wodwala wotere ngati loyenera kuganiziridwa msanga pa Mtukula Pakhomo ndi pa chimanga cha thandizo. Nkofunikanso kuti thandizo lililonse lomwe limabwera m'dzina la odwalawa lizifika m'manja mwawo m'nthawi yake. Ndalama ya thiransipoti yofika patatha miyezi itatu imapeza munthu atadumphitsa kale masiku ake.

Dziko lino lili ndi mbiri yabwino pa nkhani yodalira abale. Malawi ndi limodzi mwa mayiko oyamba, pamodzi ndi Tanzania ndi Mozambique, komwe njira yomwera mankhwala a TB pamaso pa munthu wina inayesedwa m'zaka za m'ma 1980. M'zaka za m'ma 1990 boma la Ntcheu linaonetsa kuti woyang'anirayo angathe kukhala mbale wapakhomo, osati namwino yekha. Koma woyang'anira asankhidwe mwanzeru. Asakhale mwana wa sitandade 6 kapena gogo wosaona bwino, koma munthu wamkulu yemwe wodwala amamumvera, wodziwa kuchonga pakhadi, wosachita manyazi kupita kwa mlangizi wa zaumoyo kukanena kuti dzulo mankhwala anasanzidwa. Ndipo nayenso amatopa. Achibale azilandizana, chifukwa mutu umodzi susenza denga.

Chomvetsa chisoni ndi tsankho lomwe limachitika m'dzina la ukhondo. Wodwala amapatsidwa mbale yake, kapu yake, n'kumangiridwa kachisakasa kuseri kwa nyumba ngati wakhate wa makedzana. Amayi ena amauzidwa kuti abwerere kwawo akachire kaye, ukwati n'kuthera pomwepo. TB siyenda m'mbale, m'zovala kapena popatsana moni wa pamanja. Imayenda mumpweya. Chofunika ndi kutsegula mawindo, kucheza panja pomwe pali mphepo ndi dzuwa, wodwala kutseka pakamwa potsokomola, kuvala chotchinga pakamwa ndi mphuno komanso kugona payekha m'masiku oyambirira, mpaka achipatala atanena kuti makhololo ayera. Munthu akayamba mankhwala oyenera, mphamvu yopatsira ena imatsika mofulumira. Woopsa kwenikweni ndi uja akutsokomola m'tchalitchi ndi m'mavidiyo sho osayezetsa, poopa kuchitidwa zomwe anaona zikuchitikira mnzake. Onse a m'nyumba ya wodwala ayenera kukayezetsa, makamaka ana osakwana zaka zisanu ndi omwe ali ndi kachirombo ka HIV. Wodwala mwini akapezeka ndi HIV, ma ARV ndi mankhwala a TB amayendera limodzi.

Kuchira nako sikuthera pa piritsi lomaliza. Ena mapapo awo amatsala ndi zipsera, moti kulima mizere iwiri amakhala atapuma katatu. Omwe anadutsa m'nthawi ya jekeseni alipo m'midzimu, osamva, ndipo anthu amawayesa amwano. Ambiri amatsala ndi ngongole za katapila. Anthu amenewa ndiwo aphunzitsi abwino kuposa chikwangwani chilichonse, monga laonetsera bungwe la Paradiso TB Patients Trust, lomwe linayambitsidwa ndi anthu odwalapo TB ku Lilongwe. Wodwala yemwe wafika pofuna kutaya mankhwala m'chimbudzi amamvera msanga munthu woti anamwapo mapiritsi omwewo ndipo ali moyo. Mafumu a ku Chinguluwe aziwapatsa mpata wolankhula pamisonkhano ya m'mudzi, ndipo chipatala chiziwalumikiza ndi odwala atsopano, ngati mbali zonse zavomera.

Boma nalo lisagone. Gawo lalikulu la ndalama zolimbana ndi TB m'dziko muno lakhala likuchokera kunja, makamaka ku Global Fund ndi boma la America. Pomwe America inaimitsa thandizo lake lambiri la kunja mu Januwale 2025, zinaoneka poyera kuti ntchito zooneka zazing'ono, monga njinga yamoto yonyamula makhololo kuchokera kuchipatala chaching'ono kupita cha boma, zimatsamira pa chikwama cha eni ake. Aphungu a m'boma la Salima akamakambirana bajeti ya unduna wa zaumoyo azifunsa kuti mafuta a njinga imeneyo, zipangizo za makina a GeneXpert ndi chakudya cha odwala TB yosamva mankhwala zalembedwa pa mzere uti, ndipo ndi ndalama zingati.