Mwana wokonda mawaya tisamuletse, timuteteze

Pa boma la Chitipa, ku Misuku ngakhale ku Nthalire, mupeza mwana atafukula wailesi yakufa, kuchotsamo kababu ndi waya n'kupanga tochi yake. Makolo ambiri amalanda zinthuzo poopa ngozi. Mantha awo ndi omveka, koma kulanda sikuthandiza: mwanayo amangokapangira kuseri, kumene kulibe womuona.

Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Kasungu. Atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, anapanga makina oyendera mphepo kuchokera ku zidutswa za njinga ndi zitsulo zotayidwa, n'kuyatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake ali ndi zaka 14. Luso lotere lilinso m'midzi yathu. Chofunika ndi malire.

Choyamba, mwana agwiritse ntchito mabatire a tochi a mavolti 1.5 okha. Magetsi a Escom ndi a mavolti 230, ndipo amapha. Ma TV akale amasunga moto m'kati ngakhale atazimitsidwa, choncho asawatsegule.

Chachiwiri, batire ya galimoto kapena ya sola si choseweretsa. Mawaya ake awiri akakhudzana amatentha mpaka kuyatsa udzu wa denga. Poitchaja imatulutsa mpweya wophulika, ndiye isakhale pafupi ndi moto kapena m'chipinda chogona. M'kati mwake muli asidi ndi mtovu. Mtovu umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete, ndipo bungwe la WHO likuti palibe mlingo wake umene ukudziwika kuti ndi wosavulaza. Waya wowotcherera nawonso nthawi zambiri umakhala ndi mtovu: mwana asaulume, agwirire ntchito panja, ndipo asambe m'manja ndi sopo asanadye nsima.

Chachitatu, timabatire tokhala ngati mabatani, ta m'mawotchi, tibisidwe. Khanda likameza kamodzi, kakhoza kuwotcha kummero m'maola awiri okha. Musamusanzitse; thamangirani naye kuchipatala. Asidi akagwera m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenako pitani kuchipatala.

Inu odzipereka pa zaumoyo, poyendera makomo musangoona chimbudzi ndi neti. Funsaninso kumene batire imakhala ndi kumene mabatire akutha amatayidwa. Ndipo inu makolo, Loweruka likubwerali khalani pansi ndi mwana wanu, akuonetseni mmene tochi yake imayakira.